Ng'ombe Sizilowa M'ofesi

Nkhani ya lero iri kunena za funso limodzi limene munthu ali yense wofuna kukakhala nthawi yaitali m'dziko la eni amakomana nalo masiku ano. Funsolo ndi ili: "Kodi mudzadya ciani kuno, ndipo ndalama zace zidzacokera kuti?" Ndi funso lalifupi, koma labweza anthu ambiri pakhomo, ena mwa iwo anthu a cuma ndithu. Pakuti a Imigireshoni, ndiwo akuluakulu a Boma oyang'anira olowa ndi otuluka m'dziko, salandira yankho la pakamwa. Iwo afuna yankho lolembedwa, lokhala ndi cidindo, ndipo wolembayo akhale wina, osati mwini nkhani.

Kuti cimeneci cimveke bwino nkoyenera kuyambira ku Chadiza, kumene anthu amadziwa za malire akali ana. Boma la Chadiza liri kum'mwera kwa Chipata, lagundana ndi dziko la Mozambique, ndipo Malawi sali patali. Malire a kumeneko anabadwa ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la caka ca 1891, limene linadula dziko la Acewa osafunsa Mcewa ndi mmodzi yemwe. Cifukwa cace mafumu monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, popita ku Mkaika mwezi wa August ku mwambo wa Kulamba, amakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi mafumu anzao ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Munthu wa ku Chadiza akamva za maliro a mbale wace kutsidya kwa malire amatenga kacitupa ka pamalire, nadutsa pa Chanida, nalira maliro, nabwerako. Wotereyo kawirikawiri safunsidwa za banki, pakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlandu uyamba pamene mlendoyo anena kuti afuna kukhala caka kapena zaka, kumanga banja, kapena kukalambira komweko.

Makolo a anthu omwewa anayenda maulendo atali koposa, ndipo palibe amene anawafunsa za ndalama. Akadafunsidwa akadaseka, popeza kusowa ndalama ndiko kunawacotsa pamudzi. Msonkho wa nyumba unafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Malo abwino ambiri ozungulira Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Anthu anapanikizana m'malizavu, nthaka nitopa. Tsono amuna anatenga ndodo ndi kathumba ka ufa nalunjika kum'mwera, naoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, kunka ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ku Shabani, ena mpaka ku Joni. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela, ena anangopita pa okha, ndiwo ulendo uja anali kuti wa selefu.

Kwa olembedwa panali mayeso, koma a mtundu wina. Munthu anali kubvula malaya nakwera pa sikelo. Dotolo namvera cifuwa cace, nayang'ana m'maso ndi m'kamwa. Kalaliki nadinda cala cace pa pepala. Anafunsidwa citupa, za msonkho, dzina la mfumu ndi la mudzi, basi. Cuma cimene dzikolo linali kufuna kwa iye cinali m'mapewa mwace. Ndipo sanali kumuitana kuti akakhalitse iai. Mu 1936 maboma atatu, la Southern Rhodesia, la Northern Rhodesia ndi la Nyasaland, anapangana ku Salisbury kuti wanchito akhale ndi citupa comzindikiritsa, ndi kuti abwerere kwao zitatha zaka ziwiri. Pangano lina la 1947 linaonjeza kuti gawo la malipiro ace lisungidwe ndi kutumizidwa kumudzi. Amene sanabwerere ndiwo machona, ndipo zidzukulu zao ziripo ku Zimbabwe kufikira lero.

Njira zimenezo zinatsekedwa imodzi imodzi. Zambia inaletsa Wenela kulemba anthu mu 1966. Malawi anaimitsa kulembako mu 1974, ndege ya Wenela itagwa pa Francistown ndi kupha anthu oposa 70 obwerera kwao. Kunayambanso mu 1977, nikutheratu mu 1988. Lero mapewa alipo ambiri m'maiko ambiri. Cimene maboma ali kuopa tsopano ndi mlendo amene adzakhala katundu pa zipatala, pa masukulu ndi pa nchito za eni dziko. Cotero sikelo ya dotolo inakankhidwira pambali, ndipo patsogolo panaikidwa sikelo ya ndalama.

Dziko la South Africa lipatsa citsanzo comveka, popeza kumeneko ndiko maso a anthu ambiri a kuno aloza. Lamulo lao la olowa m'dziko ndi la caka ca 2002, ndipo malangizo ace okonzedwanso anayamba kugwira nchito pa 26 May 2014. M'caka cimeneco Boma lao linalengeza mitengo yace. Wofuna citupa ca munthu wopuma pa nchito, cimene cifika zaka 4, aonetse kuti alandira R37,000 mwezi uli wonse, zocokera ku penshoni kapena ku cuma cina cobala ndalama. Nzika ya dzikolo, kapena mlendo amene anapatsidwa kale cilolezo cokhala muyaya, akafuna kuitana mbale wace, monga mai wace wokalamba, aonetse R8,500 pa mwezi za mbaleyo. Umboni wace ukhale kapepala ka malipiro kapena sitetimenti ya ku banki yosapitirira miyezi 3, ndipo mbale woitanidwayo saloledwa kugwira nchito. Wofuna kutsegula bizinesi aonetse R5 miliyoni. Wofuna kukhala muyaya pa cifukwa ca cuma cace cokha aonetse R12 miliyoni, nalipirenso R120,000. Mu October 2024 analengeza za citupa ca anthu ogwirira nchito kampani ya kunja pa kompyuta ali m'dzikomo. Ameneyo aonetse malipiro opitirira R650,000 pa caka. Mitengo yotere maboma amaisintha, cotero wanzeru amayamba wafunsa ku ofesi ya kazembe asanagulitse mbuzi zace.

Pano mtima wa munthu ukhoza kuwawa, ndipo suli wolakwa. Nkhalamba imene inasiya mapapo ace m'migodi ya golidi ya ku Joni sidzaona R37,000 pa mwezi ngakhale m'maloto. Dziko limene inakumba siliilola kukapumula pamwamba pa maenje ace omwe. Koma kuwawa mtima sikudinda pasipoti. Copindulitsa ndi kudziwa m'mene sikeloyo igwirira nchito, pakuti ambiri obwezedwa sabwezedwa cifukwa ca umphawi, koma cifukwa cuma cao sicioneka.

Womvera ayerekeze anthu awiri a banja limodzi. Woyamba ndi mlimi wa kwa Mlolo, mwini ng'ombe 30, ngolo ziwiri, nkhokwe zitatu za cimanga, munda wa nshawa ndi wa soya. Pamudzi pakagwa mlandu ndiye amalipira. Pakagwa maliro ndiye amapereka ng'ombe. Waciwiri ndi mwana wa mlongo wace, wogwira nchito pa mgodi wa ku Mufulira, wokhala m'nyumba ya lendi, amene mwezi ukafika pa 20 thumba lace lauma, ndipo caka ndi caka amatumiza mau kwa atsibweni ace kupempha thumba la cimanga. Kumudzi palibe amene angafunse kuti wolemera ndani. Koma awiriwa akaima pa zenera la a Imigireshoni, wolemera ndi mnyamata uja. Iye atulutsa timapepala ta malipiro ta miyezi 6, kalata ya wolemba nchito, sitetimenti ya ku banki, ndi pepala la NAPSA losonyeza zimene ali kusunga za penshoni. Nanga atsibweni atulutsa ciani? Ng'ombe sizilowa m'ofesi. Munda wao uli pa nthaka ya mafumu, ulibe pepala la umwini. Nshawa anagulitsa kwa wamalonda wopacika sikelo pa mtengo, amene sapatsa lisiti. Ndalama zace anagulira ng'ombe zina, zotsala namanga m'nsalu. Kalata ya anyakwawa yonena kuti munthu uyu ndi wopeza bwino imalemekezedwa pa bwalo la mfumu, koma kalaliki wa ku Pretoria kapena wa ku London sawadziwa anyakwawa. Kapena malipiro a mnyamatayo sadzafika pa mtengo wofunikawo; komabe iye ali nako kanthu koika pa sikelo, pamene atsibweni, ndi ng'ombe zao zonse, alibe.

Ici ndi cinthu coti ogwira nchito m'migodi ndi m'matauni acisamalire, pakuti ambiri a iwo ali ndi mwai umene sauzindikira. Kapepala ka malipiro kamene amai amayatsira mbaula, kapena kamene mwana akulungira zitumbuwa, ndiko umboni womwe uja ofesi ya kazembe ifuna.

Kalaliki woyesa mapepala sayang'ana nambala ya pansi yokha. Amawerenga sitetimenti monga mlenje awerenga mapazi a nyama. Afuna kuona ngati ndalama zimalowa mwezi ndi mwezi pa masiku ofanana. Ngati zicokera kwa wolemba nchito yemwe uja walemba kalata. Ngati nambala ya pa kapepala ka malipiro igwirizana ndi imene inalowa m'banki. Akapeza kuti kalata inena cina, kapepala cina, banki cinanso, safunsa cifukwa cace, amangobweza. Ndipo akaona buku la ku banki limene linagona miyezi isanu liri ndi K200, kenaka mlungu wa pempho nililandira K150,000 mwadzidzidzi, adziwa pomwepo kuti nyama iyi yalowa m'munda usiku, siya pakhomo pano.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Munthu akamva mtengo wofunika amathamangira kwa mnzace wa sitolo, kapena kwa mwini kaloba, kukabwereka ndalama zoti zikagone m'banki masiku awiri kapena atatu, atenge sitetimenti, nazibweze. Akuluakulu anati khasu lobwereka silicedwa kuthyoka. Maboma anaudziwa kale mcitidwe umenewu, naumangira mpanda. Ku Britain wopita kukaphunzira ayenera kuonetsa kuti ndalama zace zakhala m'banki masiku 28 otsatana, osatsika pa mtengo wofunika ngakhale tsiku limodzi. Ndipo wofuna kuitana mkazi wace kapena mwamuna wace podalira ndalama zosunga aonetse kuti zakhalamo miyezi 6. Ciongoladzanja ca kaloba sicingadikire miyezi 6. Cotsatira cace munthu amatsala ndi ngongole, pempho litakanidwa, ndipo ndalama zolipira pempholo sizibwezedwa.

Oopsa koposa ndi anthu aja oyendayenda pafupi ndi maofesi ndi pa intaneti, olonjeza kukonza sitetimenti yokongola ndi cidindo cace. Maofesi a akazembe amafunsa ku banki ngati pepalalo ndi loona. Wobwezedwa cifukwa ndalama zace zacepa akhoza kupemphanso caka ca mawa; koma wogwidwa ndi pepala lonama ku Britain akhoza kutsekeredwa khomo zaka 10, ndipo wokonza pepala uja sapezekanso.

Za Britain ziyenera kuonjezedwa pang'ono, popeza anamwino, aphunzitsi ndi ana asukulu ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi anapita kumeneko, ena nakwatira, nakhazikika. Kuyambira pa 9 July 2012 nzika ya dzikolo, kapena wokhazikikamo, wofuna kuitana mnzace wa m'banja anayenera kuonetsa malipiro a £18,600 pa caka. Pa 11 April 2024 mtengowo unakwera kufika £29,000, ndipo wodalira zosunga zokha anayenera kuonetsa £88,500. Lamuloli silifunsa ngati awiriwo akondana, kapena ngati ana ali kulira atate wao. Lifunsa timapepala ta malipiro ta miyezi 6 ndi sitetimenti yogwirizana nato. Mabanja ambiri akhala olekana zaka pa cifukwa cimeneci. Dziko la America linapita patsogolo pena: pa 20 August 2025 linayamba kufunsa ofuna kukaceza kumeneko cikole ca $5,000, $10,000 kapena $15,000, cobwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yace, ndipo maiko oyamba kuikidwa pa ndondomekoyo anali Malawi ndi Zambia.

Asaganize wina kuti mcitidwe umenewu ndi wa Azungu okha. Zambia nayo iri ndi sikelo yace. Pansi pa lamulo la olowa m'dziko la caka ca 2010, mlendo wofuna citupa coyambira bizinesi yatsopano anauzidwa kuonetsa $250,000, ndipo wolowa m'bizinesi yoyamba kale $150,000. Mwenye, Mchaina kapena Mzungu wofika ku Lusaka amanyamula mapepala a ku banki monga momwe Mcewa amawanyamulira ku Pretoria.

Nanga mlimi wa ku Chadiza acite ciani? Cuma cace ciri ndi njira yosandukira pepala, koma njirayo ndi ya pang'ono pang'ono. Atsegule buku la ku banki m'dzina lace, ngakhale kutero kudzamdyera tsiku ndi ndalama za basi. Adzafunsidwa kadi lace la NRC ndi nambala ya msonkho ya TPIN. Akagulitsa cimanga ku FRA, thonje ku kampani, kapena soya kudzera m'kopaletivu, asunge lisiti liri lonse, ndipo ndalamazo ziyambe zalowa m'banki zisanapite ku feteleza kapena ku malata. Akagulitsa ng'ombe, alemberane kalata ndi wogulayo, nasunge pamodzi ndi cilolezo ca a vetenale coyendetsera ziweto. Palinso cinthu cina cimene makalaliki a m'mizinda yaikuru saciganizira: ndalama za mlimi zimabwera kamodzi pa caka. Sitetimenti ya miyezi itatu ya January, February ndi March imamuonetsa ngati mmphawi, pakuti ndiyo miyezi imene zonse ziri m'nthaka. Ya June, July ndi August imamuonetsa ngati wobwereka, pakuti ndalama zalowa zambiri nthawi imodzi. Cotero mlimi apereke sitetimenti ya caka cathunthu kapena zaka ziwiri, aphatikizepo malisiti, ndi kalata yaifupi yofotokoza kuti nchito yace ndi ya nyengo. Pamenepo mapazi a nyama aoneka kuti acokera m'khola lace.

Amai a malonda ali pa bvuto lofanana. Mai wogulitsa salaula pa msika wa ku Kitwe kapena wa ku Chipata akhoza kupeza ndalama zoposa za mwamuna wace, koma zonse ziyenda m'cilimba ndi pa foni, pena m'buku la ku banki la mwamunayo. Cilimba ndi cinthu cabwino, cagulira mabanja ambiri malata. Koma cilibe cidindo. Ndalama za pa foni ziri ndi mbiri yace yolembedwa, ndipo ndi bwino kuitenga, koma si maofesi onse amene amailandira monga alandira ya ku banki. Mai wotere alembetse bizinesi yace ku PACRA, akhale ndi buku la dzina lace, tsiku lolandira cilimba nalowetse ndalamazo m'menemo.

Dzina nalo labweza ambiri. Kale amuna anali kusintha maina pa nchito: kumudzi dzina lina, pa citupa lina, kwa kapitao linanso, ndipo ena anayenda ndi zitupa za abale ao. Mcitidwewo sunafe wonse. Alipo anthu lero amene pa NRC ali ndi dzina la atate ao, pa pasipoti la ubatizo, ku banki la ciwongo cokha, ndi caka cobadwa cosiyana pa pepala liri lonse. Kwa kalaliki amenewo ndi anthu atatu, ndipo ndalama za mmodzi sizithandiza mnzace. Zotere zikonzedwe kuno kwao, ndi kalata yolumbira pamaso pa woyenera, ulendo usanayambe.

Yatsala njira imodzi imene ambiri amaiyesa yacidule. Popeza wa ku Zambia kapena wa ku Malawi amaloledwa kulowa mu South Africa kukaceza popanda viza, munthu amati, "Ndilowe ngati mlendo, zina ndikaona komweko." Malangizo a 2014 anatseka khomo limenelo: wolowa ngati woceza saloledwa kusintha citupa cace ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zowerengeka, koma ayenera kukapempha ali kwao. Wopitirira masiku ace, ngati sanapyole masiku 30, amaletsedwa kulowanso miyezi 12. Akabwereza zisanathe zaka ziwiri, zaka 2. Akapyola masiku 30, zaka 5. Wogwidwa alibe mapepala akhoza kutsekeredwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira galimoto yombwezera kwao. Ndipo pa zaka zonse zimene anakhala mobisala, ngakhale anagwira nchito usana ndi usiku, amalandira malipiro m'manja, opanda kapepala, opanda banki. Pobwera kudzapempha citupa ceniceni apezeka alibe umboni wa mwezi ndi umodzi womwe.

Wogwira nchito pa mgodi amene afuna kupempha citupa mwezi wa December ayambe kusunga timapepala tace mu June, naone kuti malipiro ali kulowa m'buku la dzina lace. Mlimi ayambe kale koposa apo, ndi lisiti la nshawa zimene adzakumba mu April ndi May, ndi la soya wa caka catha ngati likalipo m'sutikesi.